Jenda ku Namwera

Ine ndinabadwa ndi pakamwa. Amayi anga ankati ndinayamba kuyankha ndisanayambe kukwawa, ndipo amuna anga mpaka lero amati akafuna kupumitsa makutu amanditengera kumaliro. Choncho uthenga utafika pasukulu woti kukufunika amayi odzipereka, oti aziyenda m'midzi kukambirana ndi anzawo za ufulu wa amayi, aphunzitsi onse anatembenukira kwa amuna anga. Iwo anangoti, "Atengeni, mwina kunyumba kungakhaleko bata." Malipiro panalibe. Ine ndinavomera asanamalize n'kufunsa komwe.

Tinali ku Namwera masiku amenewo. Amuna anga anawatumiza kumeneko kukaphunzitsa kupulayimale, ine mwana wa ku Dedza, Chiyao osadziwa ngakhale cha moni. Nkhondo ya ku Mozambique inali itangoleka kumene, koma anthu amene inawathamangitsa anali adakali nafe. Ambiri sankakhala kumsasa ayi, ankakhala m'midzi momwemo, chiyankhulo n'chimodzi ndi eni mudzi, mzikiti ndi umodzi, moti mlendo ngati ine ndinkawazindikira pa tsiku lolandira chakudya lokha, akamadutsa pamsewu atasenza ufa, nandolo ndi tizigubu ta mafuta. Ena anali atayamba kubwerera kwawo. Ena ankati tiyambe taona kaye, chifukwa nkhani zochokera kutsidya kwa malire zinali za mabomba okwirira pansi, amene sankadziwa kuti nkhondo yatha.

Maphunziro athu anachitikira ku boma ku Mangochi. Tinatsika phiri lija pa lole, msewu uli wokhotakhota, ine nditagwira chitsulo ndi manja onse uku ndikupemphera mokweza. Amene ankatiphunzitsa anali mayi wa ku Blantyre, wa magalasi aakulu, ndipo anatibweretsera mawu atsopano: jenda. Anati ndi achizungu, m'Chichewa alibe mnzake, tingowatenga momwemo. Anati kubereka n'kwa Mulungu, kuyamwitsa n'kwa Mulungu, koma zoti mwana wamkazi asiye sukulu kuti mlongo wake aphunzire anazipanga ndi anthu, ndipo anthu omwewo angathe kuzimasula. Mawuwo anandilasa mtima. Ine ndinalekezera Sitandade 7 pa chifukwa chomwecho, ndipo mpaka tsikulo ndinkayesa kuti ndi mmene dziko linalengedwera.

Anatiphunzitsanso katsegulidwe ka msonkhano. Wotsogolera azikweza chibakera n'kufuula kuti "Jenda!" ndipo gulu liziyankha kuti "Tonse ndife anthu!" Muholo mmene tinkaphunziriramo munali amayi angapo a Chiyao, ndipo ndinkawaona akutsinana n'kumaseka pansipansi. Ndinkayesa akuseka magalasi aja. Palibe amene anafuna kuchititsa manyazi mlendo, ndiye palibe amene anayankhula.

Msonkhano wanga woyamba ndinauitanira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chigayo. Kunabwera amayi ambiri ndithu, a m'mudzi ndi othawa nkhondo omwe, ena ndi ana kumsana, ena atatenga mtedza woti aziswa pomvetsera. Ine ndinavala chitenje chatsopano. Ndinaima kutsogolo, kukweza chibakera, n'kufuula mmene anandiphunzitsira.

"Jenda!"

Kunali zii. Amayi anayang'anana. Ndinaganiza kuti mwina phokoso la chigayo landiphimba, ndiye ndinadzaza mpweya m'chifuwa n'kubwereza, mpaka mbuzi imene inali pafupi inathawa. Mayi wina wachikulire anadzuka pang'onopang'ono, kusasa fumbi pachitenje, kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kuuyamba ulendo. Anzake anamutsatira. Ine kuona choncho ndinafuulanso kuti ndiwabweze, iwo n'kuwonjezera liwiro. Posakhalitsa pansi pa mtengo panatsala makoko a mtedza, ine, ndi mayi mmodzi amene anali atakwirira nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

Anali wamtali, woonda, wa chipini pamphuno. Atatha kuseka anapukuta misozi n'kundiyankhula m'Chichewa chake chothyokathyoka, chimene anatola pamsika.

"Amayi aphunzitsi, mwatiitana kuti mutithamangitse?"

"Ndathamangitsa ndani?"

"Nanga jenda? Kwathu jenda ndiye kuti yenda, nyamuka. Timauza mwana, kapena galu akalowa m'khitchini. Munthu wamkulu timati ajende. Inu mwauza anganga aja jenda, ndi chibakera chomwe."

Ndinakhala pansi pomwepo, ndi chitenje chatsopano chomwecho. Manyazi anandigwira, kenako nanenso kuseka kunandipeza, ndipo tinaseka awirife mpaka wachigayo anatuluka kudzaona. Umo ndi mmene ndinadziwanirana ndi mnzanga ameneyu. Tsiku lotsatira ananditenga khomo ndi khomo kukapepesa, iye akumasulira, ndipo ndikukhulupirira kuti ankathiramo zake chifukwa paliponse anthu ankafa nako kuseka. Sabata yotsatira amayi anabwera ochuluka kuposa poyamba. Anandipatsa dzina loti Abiti Jenda, ngati kuti Jendayo ndi bambo anga ondibereka, ndipo ndikati ndisiye kufuula kuja iwo ankakana. Ndikafuula, onse ankanamizira kudzuka, kenako n'kukhalanso pansi akuseka, msonkhano n'kuyamba.

Tinkakamba zambiri pansi pa mtengo uja. Za mwamuna wogulitsa mafuta olandira n'kukagula mabatire a wailesi, za kumenyedwa, za atsikana osiya sukulu akangotuluka kuchinamwali. Ine ndinkabwera ndi zimene ndinaphunzira, iwo ankabwera ndi mafunso amene mayi wa magalasi sanatikonzekeretse. Wina anandifunsa ngati amuna anga amatsuka mbale, poti ndikuti ntchito ilibe mwini. Ndinati amatsuka. Sabata yomweyo anatuma anzawo kudzasuzumira kuseri kwa nyumba yathu, ndipo mwamwayi anawapeza bambo akutsuka kapu yawo ya tiyi. Kapu imodziyo ndi imene inandipulumutsa.

Amayi othawa nkhondo ankadandaula chinthu chimodzi kawirikawiri. Ankati kwawo mudzi unali wa akazi, mwamuna ankabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo akayamba kuvuta, alongo ako ankamuonetsa njira. Kuno anafika opanda alongo, opanda munda, ndipo ogawa chakudya ankafunsa kuti bambo wa banja lino ndani. Amuna anazolowera msanga.

Mnzanga uja nayenso anathawa nkhondo ndi mwamuna wake ndi mwana mmodzi wamkazi, akumukoka padzanja. Ana ena anatsala m'njira, ndipo za iwo sankakamba. Mwamunayo anafika ndi mwendo wolumala, ndipo ankasoka nsapato pakhonde la golosale ya bambo wina wopeza bwino, wogulitsanso nsomba zouma za ku Makanjira. Wagolosale yemweyo ndi amene anawabwereka munda. Mtsikanayo anayamba sukulu mochedwa, anali wamkulu kuposa onse mu Sitandade 4 m'kalasi mwa amuna anga, koma amuna anga, amene satamanda munthu chisawawa, ankati masamu amawamwa ngati madzi. Anali atangotha msinkhu kumene.

Mvula ili mkati, mwezi wa Ramazani utayandikira, mnzanga anabwera kunyumba osaseka. Anakhala pakhonde akupotokola nsonga ya chitenje. Kenako anati wagolosale uja wapempha mwana. Munthuyo anali kale ndi akazi awiri, ndipo mwana wake woyamba anali wamkulu kuposa mtsikanayo. Bambo wa mwana anali atavomera. Ndowa, ukwati wa kumzikiti uja, inali yoti imangidwe Idi ikangodutsa.

Ine magazi anawira. Ndinapita pakhonde la golosale tsiku lomwelo n'kumutsanulira bambo wa mwanayo zonse zimene ndinaphunzira ku boma, ndi zina zanga zapadera. Iye anandimvetsera osasiya kusoka. Nditatha anati, "Amayi, inu mwezi ukatha amuna anu amalandira. Chakudya chogawa chija akuti chitha, aliyense azipita kwawo. Ine ndi mwendo uwu ndikalima chiyani m'tchire la mabomba? Mwana akalowa m'nyumba iyi, munda ndi wathu mpaka kalekale." Sanali munthu woipa. Anali munthu wamantha, ndipo ndinabwerera kunyumba nditakwiya kwambiri poti ngakhale chifukwa chomudera ndinachisowa.

Ndinatumiza uthenga ku boma kwa amene anatiphunzitsa. Anayankha kuti abwera galimoto ikapezeka ndi msewu ukauma. Ndinapitanso kwa ashehe a m'mudzimo, bambo ofatsa amene ankasoka mikanjo pa makina opalasa ndi mapazi. Anati, "Kuno mwana wamkazi sakwatiwa popanda mawu a mjomba wake." Zimenezo ndinazimva msanga, chifukwa ndi kwathu komwe mwini mbumba ndi atsibweni, mlongo wa mayi, osati bambo. Ashehe anapitiriza, "Koma awa abale awo anatsala kunkhondo. Bambo akandibweretsera munthu n'kunena kuti uyu ndiye waimira kuchikazi, ine ndimukana bwanji? Ndidikira mpaka Idi. Kupitirira apo ndilibe chonena." Munthu woteroyo anali atapezeka kale, mkulu wina wochokera dera lomwelo ku Mozambique, amene masiku amenewo anayamba kuoneka ndi malaya atsopano.

Nditamufotokozera mnzanga, anangogwedeza mutu ngati akudziwa kale.

"Mjomba wake alipo," anatero. "Achimwene anga, amene ndinapondana nawo. Tinasiyana tsiku limene tinathawa, iwo anabwerera kukatenga amayi. Ndipita ndikawatenge."

"Achemwali, mutu ukuyenda bwino? Amuna amene akupita kukaona kumeneko akupita m'magulu, ndipo ena akubwera pa machira."

"Magulu akudikira mvula ithe. Idi sidikira."

"Mwamvapo kuti ali moyo?"

"Sindinamve kuti anafa."

Ndinayankhula, ndinachonderera, ndinaopseza. Ndinati tidikire a ku boma. Ndinati mwanayo timubise kwathu ku Dedza. Iye anati akamubisa, bambo ake adzamulondola, ndipo adzabwera n'kupeza nkhani ili pomwepo. Chofunika n'chakuti ithere pamaso pa anthu. Kenako anandiyang'ana chammbali, kumwetulira kuja kutabwerera pang'ono.

"Inu sabata iliyonse mumatiuza jenda."

"Musandinamizire. Ndinakuuzani kuti jenda ameneyo si woyenda ndi miyendo, ndi Chizungu."

"Ndinamva. Koma ine Chizungu sindichidziwa, Abiti Jenda. Ndimadziwa Chiyao."

Ananyamuka Ramazani itangoyamba. Kwa mwamuna wake ananena kuti akukaona ngati kumudzi kuli kobwererako. Anatenga chinangwa chouma, mchere pang'ono ndi kampeni. Anandisiyira mwana kuti akaweruka kusukulu azikhala kwathu mpaka dzuwa litapendeka. Ndinamuperekeza mpaka pamene njira imapatukira kumalire, ndipo pamenepo ndinayankhula Chiyao changa choyamba cholongosoka. Ndinati, "Ajende chenene," kutanthauza kuti muyende bwino. Iye anaseka, nati tsopano ndaphunzira ulemu. Udzu unali wautali kuposa munthu, ndipo unamumeza ndisanathe kumuyang'ana bwinobwino.

Masabata amene anatsatira sindiwafunira munthu. Pakamwa panga panatseka pokha. Amuna anga, amene zaka zonse ankapempha bata, analipeza n'kuliopa, ankandigwira pachipumi kuona ngati ndili ndi malungo. Ine ndinkaopa. Ndinkaopa kuti mawu amene ndinatola muholo ku boma apita kukaphetsa munthu m'tchire. Kumsonkhano ndinkapita, koma sindinkawafuulanso, ndipo palibe amene anandikakamiza. Tsiku lina kunamveka kuti pachipatala afika ndi munthu woponda bomba. Ndinasiya mbale m'madzi n'kuthamanga wopanda nsapato. Anali bambo wa kumudzi kwina. Mtima unakhala pansi, kenako ndinaima panja n'kumulirira munthu amene sindinkamudziwa.

Mtsikanayo ankabwera tsiku lililonse. Ankakhala pamkeka n'kumalemba masamu, nayenso akufunga, kusala kwa Ramazani kuja, ngati akuluakulu, osalawa ngakhale madzi. Za amayi ake sankafunsa. Koma ankakhala motembenukira kunjira, ndipo pakadutsa munthu wamtali pensulo inkaima. Wagolosale uja anatumiza nsalu ndi sopo wonunkhira kunyumba kwawo. Mtsikanayo anandiuza zimenezi ngati akunena za mvula, kenako anafunsa ngati munthu wokwatiwa amaloledwa kulemba mayeso. Ndinalowa m'nyumba ngati ndaiwala chinthu pamoto.

Idi inafika. Anthu anavala zoyera, mpunga ndi nyama zinanunkhira mudzi wonse, ana akuyenda khomo ndi khomo. Mnzanga kunalibe. Tsiku lokambirana za ndowa linaikidwa, pakhonde la ashehe.

Anatulukira kutatsala tsiku limodzi, masana. Ndinali pachigayo pamene ndinaona munthu akubwera chapatali, akutsimphina, ndodo ili m'manja. Ndinamuzindikira ndi kutalika kokha. Ndinayang'ana kumbuyo kwake kufuna kuona mwamuna amene akumutsatira. Kunalibe munthu.

Mapazi anali atawakulunga ndi zidutswa za chitenje chake, ndipo titamasula kunyumba kwanga ndinatembenuza nkhope. Anali otupa, ong'ambika, zala zina zopanda zikhadabo. Mwana wake anatenthetsa madzi, kuthiramo mchere, n'kuyamba kuchotsa minga ndi pini, umodziumodzi, osalira, osayankhula. Mayiyo ndiye ankayankhula, ndi mawu otsika, ngati akufotokoza njira ya kumsika. Anati msewu waukulu anausiya, poti ndi umene anautchera kwambiri. Ankatsata mapazi a nguluwe, chifukwa pamene yaponda nguluwe osaphulika, munthu angapondepo. Mapaziwo akasowa ankalowa mumtsinje n'kuyenda m'madzi, nthawi zina ofika m'chiuno. Mvula ikafafaniza zonse ankakhala pansi pa mtengo kudikira kuti nyama ina idutse. Chinangwa chinatha ali kopita. Pobwerera ankadya bowa ndi maungu omera okha m'mabwinja, ndipo ankadya dzuwa likalowa basi.

"Munkafunga?" ndinafunsa. "Paulendo si amaloleza kudya?"

"Amaloleza. Koma ndinali ndi chopempha."

Ndinali nditawerengapo za anthu olimba mtima m'mabuku a amuna anga, koma sindinkadziwa kuti mmodzi angakhale pakhonde langa, mapazi ali m'beseni langa lochapira. Ndinachita naye mantha, mantha aulemu aja. Ndinadikira kuti anene za achimwene ake. Sananene. Nditafunsa, anangoti, "Mawa mubwere."

M'mawa mwake pakhonde la ashehe anayala mikeka. Amuna anakhala pamwamba: ashehe, bambo wa mwana, wagolosale ndi abale ake, ndi mkulu wa malaya atsopano uja pamalo a kuchikazi. Amayi tinakhala pansi pabwalo monga mwa nthawi zonse, ndipo tinali ambiri kuposa mmene nkhani ya ndowa imafunira. Pambali panga panali mayi wachikulire amene Chiyao chikandipitirira ankandinong'oneza m'Chichewa. Mtsikanayo anali pakati pathu atafunda nsalu kumutu.

Mnzanga anafika mochedwa, akuyenda ngati akuponda makala a moto. Tinamupatsa malo. Iye anatidutsa. Anafika pamasitepe a khonde, kuika ndodo pansi, kukwera chokwawa, n'kukakhala pamkeka wa amuna, pafupi ndi mkulu wa malaya uja. Ine amene ndinkaphunzitsa sabata ndi sabata kuti mkazi angakhale paliponse, mtima unandigunda ngati andigwira ndikuba.

Anamasula mfundo ya pachitenje n'kutulutsa kofia, kachipewa ka amuna ka kumzikiti kaja. Inali yakale, yothimbirira, yodyeka m'mphepete. Anaiwongola ndi zala n'kuiika pamkeka patsogolo pake.

"Mukufuna mjomba wa mwanayu," anatero. "Ndawayendera. Mudzi wathu ndi udzu wokhawokha. Ndinapeza alamu anga m'kachisakasa kumtsinje, ndipo ananditengera pamanda pamene anawaika achimwene, pafupi ndi amayi. Ndinafunsa za amjomba athu, za ana a amayi aang'ono, mmodzimmodzi. Palibe. Pa mbumba yonse ya amayi anga chatsala ndi kofia iyi ndi ine. Mwini kofiayi ndi ine tinayamwa bere limodzi. Ndiye mawu ake ndinena ndine. Mwanayu sakwatiwa. Akupita kusukulu."

Bambo wa mwana anatambasula dzanja n'kuitenga kofiayo. Anaitembenuza, kuyang'ana ulusi wa m'mphepete, ndipo ndinaona kuti waizindikira. Ndinamva pambuyo pake kuti mwini kofiayo ndi amene anamulandira pamudzi tsiku limene anakalowa chikamwini, ndi kumulozera munda woyamba. Anaiika pankhope n'kuyamba kulira, mwamuna wamkulu, pamaso pa anthu.

Wagolosale anati mkazi sakhala nkhoswe, chiyambire sizinachitikepo. Ashehe anasisita ndevu. Kenako anatembenukira kwa mkulu wa malaya atsopano.

"Inu, mwanayu ndi ndani wanu?"

Mkuluyo anakhosomola. "Kwathu tinkamwa mtsinje umodzi."

Amayi ena anasekera m'zitenje. Ashehe sanaseke. Anati zoonadi iwo sanaonepo mkazi atakhala pamalo pamenepo, komanso sanaonepo mbumba yotha chonchi, ndipo wamagazi ali pomwepo sangamudumphe n'kukamvera wa kumtsinje. Kenako anaitana mtsikanayo kuti ayandikire, n'kumufunsa ngati iye mwini akuifuna ndowayi. Mwanayo anayankha ndi liwu limodzi, lotsika kwambiri moti ife a pabwalo tinangoona milomo. Mayi wa pambali panga anandinong'oneza kuti wati ngwamba, ndiye kuti ayi.

"Ndowa yokakamiza ine sindimanga," anatero ashehe.

Wagolosale anadzuka n'kuvala nsapato zake, zomwe anamusokera bambo wa mwanayo. Anati munda wake akuufuna, ndi chimanga chili momwemo. Mnzanga anati, "Tengani." Ndipo anatengadi, chimanga chitatsala pang'ono kuuma, komanso pakhonde la golosale paja bamboyo anamuchotsapo. Banjalo linavutika chaka chimenecho, moti amayi a pansi pa mango tinkasonkha kambale ka ufa aliyense. Koma mtsikanayo anapitiriza m'kalasi mwa amuna anga, ndipo anakhala pasukulupo mpaka pamene onse atatu anakwera lole yobwerera kwawo.

Izo zinali za m'tsogolo. Tsikulo, amuna atayamba kubalalika, mnzanga anatsala pamkeka. Ashehe ankafuna kupinda mikeka yawo koma ankachita ulemu kudikira. Iye anatsamira manja pansi kuti adzuke, mawondo anakana. Anayesanso, ndipo tinaona kuti nsalu za kumapazi zanyowa magazi. Mphamvu zonse zinathera pamasitepe aja. Ndinadzuka kuti ndikamugwire, amayi enanso anadzuka, koma mwana wake anatiyambirira. Anachotsa nsalu imene anafunda kumutu, kukwera pakhonde, n'kugwada chofulatira amayi ake.

"Amama, kwerani."

Mayiyo anakana, nati anthu aona. Mwanayo sanasunthe. Mapeto ake mayiyo anakoleka manja m'khosi mwa mwana wake, ndipo mtsikanayo anamukulunga ndi nsalu ija, kumanga mfundo pachifuwa monga mmene timaberekera makanda, n'kudzuka naye. Miyendo yaitali ija inkalendewera pafupi kukhudza pansi. Anatsika masitepe, kudutsa pakati pathu, kulowa mumsewu wa pamsika, kudutsa ndi pagolosale pomwe. Bambo ake ankatsimphina pambuyo atagwira kofia ndi manja awiri, ife tonse tikutsatira. Mwanayo sanapumire pena paliponse mpaka anakamutsitsa pakhomo pawo.